Penti wa M'chipinda cha Achemwali

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndi mmisiri wopenta nyumba. Ntchito ina sadziwa, ngakhale kukhoma msomali amachita kuitana munthu. Tsitsi lawo layerera pamakwerero, ndipo ine ndimawanena kuti imvi zawozo theka ndi penti. Mumsewu mwathu dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense amangoti Akadontho, chifukwa akamaliza ntchito m'chitini mumatsala kadontho basi. Amanamizira kukwiya nalo dzinalo, koma ndimawadziwa, amalikonda.

Kuwaonerera akuyeza chipinda kumaseketsa. Amayamba aima pakati, manja kumbuyo, kuyang'ana uku ndi uku. Kenako amatambasula manja n'kugunditsa chifuwa kukhoma ngati akulikumbatira, n'kumasuntha chammbali uku akuwerenga mikwamba. Akazungulira makoma onse amachotsapo chitseko ndi zenera, poti pamenepo penti sapita. Akatero amanyowetsa chikhatho n'kuchidinda pakhoma. Chidindocho chikauma msanga, amati khomalo lili ndi ludzu, limwa penti wambiri, ndiye amawonjezerapo. Pomaliza amawerengera kupaka kawiri, n'kutchula malita ake kamodzi kokha. Mukawafunsanso amangokuyang'anani.

Sikuti amachita zimenezi mwamatama chabe. Alamu mtundu wa penti amasakaniza okha, woyera wambiri ndi timadontho ta mitundu ina. Amati ukasakaniza wochepa n'kukuthera pakati pa khoma, wachiwiri safanana ndi woyamba ngakhale utasamala bwanji, ndipo mzere wake umaonekera dzuwa likalowa pazenera. Ukasakanizanso wambiri umangouma m'chitini, palibe angaufune. Ndiye moyo wawo wonse wakhala wa kuyeza kuti zikwanire ndendende.

Koma nyumba yawo, amayi inu! Chimangireni, penti sanaigundepo. Makoma anangotsala otuwa ndi pulasitala. Achemwali ankadandaula mpaka kudandaulako kunasanduka nthabwala. Kukabwera alendo ankawauza kuti anakwatiwa ndi mmisiri wa penti koma amagona m'thumba la simenti. Alamu ankaseka nawo, n'kunena kuti akangomaliza ntchito imene ali nayoyi ayamba ya kunyumba. Ntchito inkatha, ina n'kubwera. Ana anabadwira m'makoma otuwawo, kukula, mpaka kuchoka.

Tsiku lina achemwali anagwa akuyanika zovala. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu anawathawa, mayi amene kale pakamwa pawo sipankakhala chete. Tinkasinthana powadikirira, ine ndi alamu. Atayamba kupezako bwino, namwino anatiuza kuti akatuluka adzafunika chipinda chopanda sitepe, chapafupi ndi khomo, kuti kuwanyamula kusamavute. M'nyumba monsemo chipinda chotero chinali chimodzi chokha, kachipinda kakutsogolo komwe alamu ankasungiramo makwerero, zitini ndi mabulashi.

M'mawa mwake alamu anandipeza kuntchito. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo. Anaima pafupi ndi makina, chipewa chili m'manja, n'kufunsa ngati ndikadali ndi kansalu kotsala pa diresi lobiriwira lomwe ndinawasokera achemwali. Anati mtundu umenewo ndi umene akazi awo amaukonda, ndiye akufuna kupenta nawo kachipinda kaja. Ine mtima unanyamuka. Ndinawauza mosapsatira kuti zaka zonsezi mkazi akupempha ali ndi miyendo yake iwiri sanamve, lero wagona ndiye akumbukira penti? Anangopitiriza kupotokola chipewa chija mpaka ine ndemwe ndinachita manyazi. Ndinafufuza m'thumba la tizidutswa n'kuwapatsa.

Madzulo ake ndinapita kukawathandiza kutulutsa katundu m'kachipindako. Kali mbee, anayamba kuyeza. Kanali ka mikwamba iwiri uku, iwirinso uku. Anachotsapo chitseko ndi zenera, anadinda chikhatho chonyowa, ndipo chidindo chinauma ndikuyang'ana, poti pulasitala wa zaka zonsezo anali asanalaweko kanthu. Chimene ndinali ndisanaonepo n'chakuti anayeza kachiwiri. Kenako anati malita asanu ndi limodzi.

Ndinawauza kuti awonjezereko lita limodzi, mwina zingavute. Anandifunsa ngati iwo anayamba andiuzapo kutalika kwa nsalu ya siketi.

Anasakaniza mtunduwo panja, kansalu kaja atakakhomerera pamwendo wa makwerero. Ankadontheza, kuvundula, kupaka pang'ono pakathabwa, kudikira kuti uume, n'kuyerekeza ndi nsalu. Ataupeza anangogwedeza mutu. Anapaka koyamba, n'kusiya kuti kuume, kenako kachiwiri. Sanafune wowathandiza. Pomaliza khoma lachinayi anandionetsa chitini: pansi pake panali pongonyowa. Kachipinda kaja kanasanduka kena, kobiriwira mofewa, ndipo ndivomere, kanakongola. Tinasiya zenera ndi chitseko zili zotsegula mpaka fungo lonse litatha, chifukwa chifuwa cha achemwali chinali chitafooka.

Tsiku lotuluka m'chipatala tinawanyamula anthu atatu, ine, alamu ndi woyendetsa galimoto imene tinabwereka. Tinawagoneka chagada pabedi, monga anatilangizira namwino, n'kuwafunditsa. Alamu anabwerera n'kukaima pakhomo. Anali atavala malaya awo abwino. Aliyense akanaona kuti akudikira kuti akazi awo aone makomawo.

Achemwali sanawaone. Khosi silinkatembenuka lokha, ndiye maso awo anangolunjika kumwamba. Ndinatsatira maso awowo. Kumwambako kunali siling'i yakale ya mabolodi, yodera, yokhala ndi mabanga akuda a madzi amene ankadontha denga lisanakonzedwe. Bolodi limodzi linali litapindika pakona. Chiyambireni kukonza kachipindako, tonse awiri sitinakwezepo maso.

Pantchito ya alamu, siling'i ndi nkhani ina. Imakhala ndi penti wakewake woyera, ndipo amaiwerengera pokhapokha mwini nyumba akanena. Eni nyumba ambiri sanena, poti munthu akalowa m'chipinda amayang'ana makoma. Apa panalibe mwini nyumba woti awauze.

Alamu anachoka pakhomo paja mwakachetechete, n'kugona chagada pasimenti pafupi ndi bedi, malaya abwino omwewo. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mlamu," anatero, "moyo wanga wonse ndapentera anthu oimirira."

Ndinayamba kulankhula zambirimbiri monga ndimachitira ndikasokonezeka. Ndinati tigule woyera mawa, ndi malita awiri okha, ntchito ya m'mawa umodzi. Anandikumbutsa modekha kuti penti wa kumwamba amadontha, fungo lake wodwala sangalipirire, ndipo kulibe chipinda china chowasamutsirako. Zinali zoona. Ndinawamvera chisoni kwambiri bambo ameneyu, ine amene ndinawakalipira pakhonde la sitolo.

Kenako anadzuka, kudzikuntha fumbi, n'kuvula nsapato. Anandipempha kuti ndiwathandize kudzutsa achemwali pang'onopang'ono. Titawadzutsa, iwo anakwera pabedi n'kukhala kumbuyo kwawo, msana kukhoma, n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo. Mutu wa achemwali unagona paphewa lawo, nkhope itayang'ana khoma la zenera. Ndinachita manyazi kuwaona atagwirana choncho, poti zaka zonse ndinali ndisanawaonepo ngakhale atagwirana dzanja.

Maso a achemwali anayenda pakhomapo pang'onopang'ono, kuchokera pakona mpaka pazenera. Pamwamba pa zenera maso aja anaima. Dzanja lamanzere, lomwe linali lamoyo, linanyamuka pabulangeti, chala chikuloza. Milomo inavutika, inayesa, inalephera, inayesanso. Mawu anatuluka olemera, okokeka, koma tonse tinawamva.

"Mwa… siya… apo."

Ndinayang'anitsitsa. Pamwamba pa felemu ya zenera, pomwe makwerero anatsamira, panalidi kamalo kotuwa kosaposa chala chachikulu, pulasitala ali poyera. Mmisiri amene anabwezapo anyamata ake a ntchito kuti akande khoma lonse chifukwa cha kamzere kamodzi anali atasiya banga m'chipinda cha mkazi wake. Amenewo ndiwo anali mawu oyamba a achemwali chigwereni pachingwe cha zovala.

Ndinathamangira panja kukatenga chitini chija, ndikuganiza kuti mwina tingakokolole pansi pake ndi bulashi yaing'ono. Ndinachipeza chitauma gwa. Nditabwerera nacho, ndinapeza mapewa a alamu akugwedezeka, osadziwa ngati akuseka kapena akulira. Mbali yamoyo ya pakamwa pa achemwali inali itakwera m'mwamba.

Ndinawaonetsa chitinicho n'kuwauza kuti chauma, koma mwina atha kuyesa kusakaniza wina pang'ono, kamalo kakang'ono ngati kameneko ndani angazindikire kusiyana kwake. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, dzanja linalo likadali logwira akazi awo.

"Kasiyeni, mlamu," anatero. "Mawa ndikawadzutsanso, apeze chondinena."