Dzina la Amayi Ake pa Mabotolo a Mkazi Wina

Khomo la Wassila limayang'anizana ndi langa m'kanjira kathu kuno ku Nabeul, m'dziko la Tunisia. Nyengo ya tsabola ikafika denga lake limafiira lonse, ndipo ife oyandikana naye timangoyetsemula. Amayanika tsabolayo, kumuchotsa njere, kumuviika m'madzi, kenako kumupera pamodzi ndi adyo ndi mchere. Akadzaza botolo amathira mafuta a azitona pamwamba. Tsabola wopera chonchi timamutcha harisa, ndipo harisa imeneyi anaiphunzira kwa amayi ake, malemu Khadouja, ndipo pa botolo lililonse ankamatapo kapepala ka dzina lawo.

Anthu a ku Tunis atayamba kufunsa ngati angamaitanitse harisayo osayenda ulendo, Wassila anauzidwa za Skander, bambo wopanga masamba a pa intaneti, yemwe ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mafoni. Tsiku limene Skander anabwera, Wassila anandiitana kuti ndikhale naye, poti mwamuna wake Mondher anali asanaweruke, ndipo mkazi salandira mlendo wamwamuna ali yekha.

Skander analawa harisa pa kachidutswa ka buledi n'kuyamba kutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"Azakhali, mukufuna kundipha ntchito ndisanaiyambe?"

"Mwana wa ku Nabeul wanji wolira ndi tsabola?" anatero Wassila. "Amayi ako anakulera ndi yogati?"

Tinaseka tonse. Skander anajambula mabotolo, anajambulanso manja a Wassila akupera, chifukwa nkhope anakana. Kenako anafunsa nambala ya foni yoti ogula aziimbapo.

"Yanga ayi," anatero Wassila. "Mkazi wapabanja saika nambala yake pomwe mwamuna aliyense angaione."

Mondher anali atangolowa, akuvula nsapato pakhomo. "Ika yanga, mphwanga."

"Chabwino," anatero Skander. "Nanga tsambali tililembetse m'dzina la ndani? Amene walembedwa ndiye mwini, ndiyenso amasunga mawu achinsinsi olowera."

"Kodi nyumba ino ili ndi eni angati?" anaseka Mondher.

Skander anatembenukira kwa Wassila. "Azakhali, harisa ndi yanu."

"Lemba a Mondher, mwana wanga. Zonse ndi za pakhomo pano."

Amunawo anagwirana chanza, tonse tinatambasula manja n'kuwerenga pemphero la Fatiha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsambalo linagwira ntchito. Foni ya Mondher inkalira kutacha, iye n'kumakuwa ali pabwalo kuti botolo lakuti lipite ku Sousse, akuti apite ku Tunis. Wassila ankapera mpaka msana unamukanika kuwerama bwino popemphera swala. Sanadandaule. Ankati amayi ake afika kumene sanafikeko ali moyo.

Mondher ndiye ankapereka katundu ku kampani yotumiza maphukusi, ndipo kumeneko anadziwana ndi mkazi wina, Sondes. Sindinena zambiri, Mulungu ndiye woweruza. Ukwati unatha kukhoti. Nyumba inatsala ndi Wassila chifukwa inali ya bambo ake. Foni inapita m'thumba la Mondher.

Pakhomo panangoti zii. Koma tsamba lija silinazime. Chithunzi cha manja a Wassila chinali pomwepo, dzina la Khadouja pamwamba, ndipo anthu ankaitanitsabe. Sondes ankagula tsabola wopera kale wa m'matumba, kusakaniza ndi tomato wa m'zitini kuti achuluke, Mondher n'kumata kapepala kaja.

Ndinamuperekeza Wassila kwa Skander. Pa masitepe anapumira kawiri. Skander atationa anaimirira, koma maso ake anali pansi.

"Sindikufuna ogula aja," anatero Wassila. "Atenge. Ungochotsapo dzina la amayi anga ndi manja angawo."

"Sindingathe kulowamo, azakhali. A Mondher anasintha mawu achinsinsi sabata yomwe anasamuka."

"Si iwe unalimanga?"

"Mmisiri akamanga nyumba, makiyi amapereka. Ndinawaimbira, ndinawachonderera. Akuti dzinalo analikuza ndi iwowo, pa foni yawo."

"Analikuza? Munthu wosadziwa ngakhale kusenda adyo?"

Skander anati angamupangire tsamba lina tsiku lomwelo, m'dzina lake, pa nambala yake, koma la dzina latsopano, poti lakalelo linali litagwidwa kale.

"Dzina latsopano," anabwereza Wassila. "Amayi anga anali ndi dzina limodzi."

"Ndiye pitani kukhoti, azakhali. Mwina patapita zaka angakupatseni."

"Mabenchi a kumeneko ndawakhalira mokwanira."

Tinabwerera kunyumba. Atafika, Wassila anatenga beseni la madzi ofunda n'kuviikamo mabotolo onse amene anali atamata kale. Timapepala tinayandama. Ndinamufunsa kuti bwanji osasiya dzinalo pa mabotolo ake enieni, anthu adzasiyanitsa okha. Anati amene walawa ya Sondes akadzaona dzina lomwelo pakhomo pake adzalavula, ndipo iye safuna kuona munthu akulavulira amayi ake.

Chiyambire pamenepo amagulitsa m'mabotolo opanda kanthu kolembedwa. Amapera pang'ono, chifukwa ogula ndi ife tomwe a m'kanjira ndi odutsa. Amasala kudya Lolemba ndi Lachinayi. Lachisanu timapita limodzi kumanda, ine kwa mwamuna wanga, iye kwa amayi ake, ndipo amakhalitsa kuposa ine.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Tunis, wa magalasi akuda, amene anatsatira fungo kuchokera kumsewu. Ine ndinali pakhomo langa ndikusankha nyemba. Analawa, n'kutseka maso.

"Iyi ndiye harisa! Mukudziwa, kale ndinkaitanitsa ya Khadouja ya pa intaneti. Inali ngati iyi. Pano yasanduka phala lowawasa, ndinataya botolo lonse. Anthu akangotchuka amayamba kuba. Mukumudziwa mayi ameneyo? Akuti ndi wa konkuno."

Wassila anapukuta pakamwa pa botolo ndi kansalu, n'kulitseka mwamphamvu.

"Anamwalira," anatero. "Mukulunge limodzi kapena awiri?"