Mwana wa Mayi a ku Bethanie

Lumo lija linali lachabechabe, la aja ankagulitsa limodzilimodzi pa kagolosale ka pakona. Malume analigula tsiku limene uthenga unafika, nkuliika pamwamba pa chitseko cha chipinda chathu ku Boitekong, pamene ine sindikanafikira. Ndinkaliyang'ana polowa ndi potuluka, osadziwa kuti likudikira mutu wa ndani.

Inali nyengo yozizira, zaka zija azungu atangochoka kumene pampando ku Joni. Tinkakhala m'chipinda cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, ine, amayi ndi bambo. Malume, achimwene awo a amayi, ankagwira maganyu ku Wonderkop. M'mawa madzi a pampopi ankaluma zala, utsi wa malasha unkangoti tsaa pamadenga, ndipo fumbi la m'milu ya mgodi linkalowa mpaka m'mano.

Bambo anafera pansi mu mgodi. Mwala unagumuka mu shafuti, basi. Anzawo anabweretsa chisoti ndi jombo zawo m'jumbo, zikununkhabe thukuta.

Nkhani ya mapepala ndinaimvetsa nditakula, koma ndiifotokoze pano. Bambo anabwera ku migodi ndili wakhanda, ndipo kontalakiti yawo itatha sanabwerere. Kwathu ku Ntcheu anayamba kuwatchula kuti tchona. Poopa kugwidwa, anakalembetsa ukwati ku ofesi ndi mayi wina wa Chitswana wa ku Bethanie, mlongo wa mnzawo wa kuntchito. Sanagonepo nyumba imodzi. Ukwati weniweni unali wa amayi, wa tambala ndi thadzi, malume ndiwo nkhoswe wake. Koma nkhuku ikadyedwa siisiya chidindo. Njira zitatseguka ife tinawalondola, ndipo kuti ndilowe sukulu bambo anakandilembetsa ngati wobadwira konkuno. Pa malo a dzina la mayi panalembedwa mayi a ku Bethanie aja.

Choncho lamulo la m'nyumba mwathu linali limodzi: ukatuluka pachitseko, amayi ndi anti. Chichewa chinkatsala m'nyumba pamodzi ndi mabulangete. Kusukulu ndinkalankhula Chitswana chosalala, ndipo aphunzitsi athu, mayi wamtali wa magalasi amene kwawo kunalinso ku Bethanie, ankandikonda. Chikondi chawocho chinkawaopsa amayi kuposa apolisi.

Kumotchale anati mtembo aupereka kwa mkazi wa pa pepala. Akuluakulu a ku Bethanie, amene sankadziwa kuti ukwatiwo ndi wa inki chabe, anati mkamwini wawo akagona kwawo. Mayi ajawo sakanatsutsa, poti kuulula kunali kudzimangitsa okha.

Malume anakwiya masana onse. Ndikukumbukira mawu awo pang'ono chabe, poti ankalankhula motsitsa kuopa eni nyumba.

"Achemwali, munthu amagona kwawo. Eish, ndikawauza chiyani abale awo a alamu? Ukwatiwu ndinamanga ndine. Tiyeni ku ofesi tikanene zoona, mtembo tinyamule."

Amayi ankasoka batani la yunifolomu yanga. Sanadzutse mutu.

"Pepala limodzi likang'ambika, achimwene, onse ang'ambika. La mwanayu lili momwemo. Afa afa. Uyu ali moyo."

Ine ndinkaganiza kuti akunena za kung'amba ndi manja, ndipo ndinadzilonjeza kuti ndisamala, sinding'amba kanthu.

Loweruka tinakwera tekisi kupita ku Bethanie. Amayi anandibwereza lamulo lija mpaka makutu anga anatopa. Titafika tinapeza tenti, mipando ya pulasitiki, anthu ovala majekete akuda. M'chipinda cha mkati mayi a pa pepala aja anakhala pa matiresi atafundidwa bulangete lakuda, kandulo akuyaka pambali, monga amachitira namfedwa kumeneko. Amayi anga anadziwitsidwa kwa anthu kuti ndi mnansi amene amasamala mwanayu ku Boitekong. Wina anawapatsa mpeni nkuwalozera kuseri, kumene kunali mulu wa kabichi.

Kwathu mkazi wa malemu amalira kuti mudzi wonse umve, amatchula dzina, amafunsa kuti wandisiyira ndani. Amayi anadula kabichi. Ndinkawasuzumira pakati pa miyendo ya anthu, ndikudikira misozi, koma maso awo anali gwa. Ndinawada. Ndikunena mosabisa, tsiku limenelo ndinawada amayi anga.

Chaka chatha mwana wanga anandipempha mapepala akale, akuti akufufuza mbiri ya banja lathu. Ndinamuyalira atatu: la kubadwa kwanga, la ukwati, la imfa ya bambo. Onse ndi achidindo, onse akugwirizana bwinobwino. Wowerenga angapezemo bambo, mayi ndi mwana mmodzi, banja losasowa kanthu. Ndinamuuza kuti asamangowerenga mayina, azifunsa kuti anaima pamaso pa kalaliki ndi ndani, nanga ankaopa chiyani. Agogo ake enieni mulibemo m'mapepala onsewo, ngakhale ngati mboni.

Tsiku la maliro lija kumanda kunali mphepo. Dothi linali lofiira, louma, la miyala. Aphunzitsi anabwera, anaima pafupi ndi ine, dzanja lawo lili paphewa panga. Bokosi litatsitsidwa, mkulu wina wa ndevu zoyera analengeza kuti mwana wa malemu abwere ndi mayi ake adzaponye dothi. Aphunzitsi anandikankhira kutsogolo pang'ono.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mwina ndi kulira kwa zingwe pa bokosi. Ndinatembenuka, ndinathamangira kumbuyo kumene kunaima azimayi ophika, ndinagwira chitenje cha amayi ndi manja onse awiri.

"Amayi, tiyeni! Akuwakwirira!"

Ndinakuwa m'Chichewa. Nyimbo inaduka. Mitu yonse inatembenuka. Ndinaona magalasi a aphunzitsi akutiyang'ana, ndinaona malume atagwira chipewa chawo ngati akufuna kuchifinya madzi. Mkulu wa ndevu uja anafunsa munthu wa pambali pake kuti mwanayu wati chiyani.

Amayi anawerama. Anamasula zala zanga chimodzichimodzi, ndipo zala zawo zinkanunkha anyezi. Kenako anandikankha pamsana, osati pang'ono, nkunena m'Chitswana chawo chothyokathyoka, mokweza kuti aliyense amve:

"Pita kwa mayi ako."

Ndinayenda. Miyendo inayenda yokha. M'bulangete lakuda lija munatuluka dzanja lozizira la mayi a ku Bethanie, ndipo linandigwira mwamphamvu. Tinatapa dothi limodzi. Linagwa pa bokosi kuti phuu. Wina anati mwanayu wasokonezeka ndi chisoni, amamuzolowera kwambiri antiyo, ndipo nyimbo inayambiranso.

Lamlungu m'mawa malume anatseka chitseko nkutsitsa lumo lija. Anawameta amayi monga amametera wofedwa kwathu, popanda sopo, tsitsi likugwera pa nyuzipepala. Anawacheka pang'ono kuseri kwa khutu, magazi nkutsikira m'khosi. Pamenepo ndi pamene amayi analira. Analuma chitenje kuti eni nyumba asamve, thupi lonse likugwedezeka, akutchula dzina la bambo m'nsalumo. Malume nawo misozi inali chuchuchu, koma lumo sanasiye. Malume atatha, amayi anatambasula dzanja kuti ndibwere pafupi. Ine ndinasunthira kukhoma. Ndinkati mumtima: dzulo munali kuti?

Lolemba ndinavala yunifolomu ya batani latsopano lija. Aphunzitsi poitana mayina anafika pa langa, anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anavalanso magalasi nkuitana dzina lotsatira. Lero ndimakhulupirira kuti ankadziwa, koma sanandifunsepo.

Ndinakhala pa desiki langa, ndinatsegula buku, msana ukumvabe pamene anandikankha. Ndinali ndi mkwiyo wa mwana wotayidwa, ndipo ndinausunga nyengo yonse yozizira ija. Sindinkadziwa kuti amayi anasiya amuna awo m'dothi la eni, pansi pa dzina la mkazi wina, kuti ine ndikhale pa desikipo.