Pa NyaMoyo Alipo Wotsika?

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene chitseko cha minibasi chinathothoka n'kundigwera paphazi, mwini galimoto n'kuyamba wafunsa za chitseko. Ndinali kondakitala pa msewu wochoka ku depoti kupita ku Mchengautuwa, ndipo ndinali nditatopa kulemeretsa anthu ena. Ndinauza mkazi wanga NyaMoyo kuti zaka ziwiri zokha, ndibwera ndi minibasi yangayanga.

"Minibasi n'chitsulo, adada," anatero. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu." Ndinaseka. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Msewu umenewo ndinakula nawo. Tili ana, anthu ankapita m'tauni wapansi, a katundu wolemera n'kukwera njinga za kabaza. Minibasi zitayamba, panalibe chikwangwani ngakhale chimodzi chosonyeza siteji. Mayina tinkapereka ndife makondakitala: pa Chigayo, pa Mango, pa Mpopi. Galimoto sinkanyamuka isanadzaze, anayianayi pampando, ndipo mvula yathu ya ku Mzuzu ikalimbikira, okwera ankatsika kukankha m'matope, ndalama osawabwezera. Wofuna kutsika ankatchula siteji, ine n'kumenya denga, dalaivala n'kuima.

Siteji imodzi ndinaitcha dzina ndine. Panali mtsikana wogulitsa nthochi pabenchi, m'mbali mwa msewu. Nthawi imene ndinkamufunsira, tikamayandikira ndinkakuwa dala: "Pa NyaMoyo alipo wotsika?" Iye ankabisa nkhope m'chitenje, okwera n'kumafa nazo. Dzinalo linamatirira, makondakitala anzanga n'kutengera. Titakwatirana ndinkadzitama kuti ena amagulira akazi awo nsalu, ine wanga ndinamupatsa siteji.

Ku Joni ndinatsuka magalimoto a eni, ndinasadza maluwa, ndinalondera pageti. Mapepala anga atatha ndinayamba kuyenda ngati khoswe, kuona yunifomu iliyonse n'kukhota. Chaka choyamba ndinkatumiza kangachepe. NyaMoyo ankandijambulira mawu pafoni ali pabenchi pake, kumbuyo kukumveka mahutala ndi anyamata oitanira. Ndinkamvetsera phokosolo mobwerezabwereza m'kachisakasa kanga ka malata, mpaka misozi. Kusungulumwa kwa kumeneko kumalowa m'mafupa kuposa kuzizira.

"Minibasi iliyonse ikaima ndimasuzumiramo," anatero tsiku lina. "Ndimati mwina mwafuna kundidzidzimutsa."

Kenako ntchito zinavuta, foni inabedwa. Nditapeza ina, nambala yake ndinali nayo pamtima, koma ndikanamuuza chiyani? Kuti minibasi ija sindinagule ngakhale tayala? Ndinkati ndiimba zinthu zikayenda. Sizinayende. Zaka ziwiri zija zinapitirira khumi. Kwathu munthu wopita kunja osabwerera timati watchona, koma ine ndinkaona ngati mtchona ndi nkhalamba zija zoiwala chilankhulo chakwawo, osati ine.

Anandibweza ndi apolisi, ndili ndi chikwama chimodzi. Njira yonse ndinkangoganiza chinthu chimodzi, ngati ndikamupeze pabenchi paja. Ku depoti ndinazungulira kufuna minibasi zathu zija, osaziona. Anandilozera masiyenta, timagalimoto ting'onoting'ono topanda kondakitala. Dalaivala amaitanira yekha, amatolera yekha. Ntchito yanga inafa ine kulibe.

Ndinapanikizika kumbuyo, pakati pa bambo wina wa jekete ndi mayi wachikulire wonyamula dengu la tomato.

"Mutsika pati, adada?" anafunsa dalaivala.

"Pa NyaMoyo."

"Siteji imeneyo kulibe."

Mayi wa tomato anandiyang'ana. "Yayi, dzina lakale chomene limenelo. Akunena pa Mtchona."

"Pa Mtchona?" ndinafunsa.

"Enya. Mwamuna wa mayi uja wa nthochi anatchona ku Joni. Ndiye minibasi ikaima, iye kusiya makasitomala, kukasuzumira pawindo. Zaka ndi zaka, adada! Makondakitala anayamba kumuseka, 'Mtchona sanakwere lero, amama!' Basi dzina n'kusintha."

"Ali kuti masiku ano?"

"Anatopa. Abale ake anadzamutenga, tinamva kuti anakwatiwa kwawo. Anachita bwino. Munthu ungadikire mpaka liti?"

Bambo wa jekete anaseka. "Mwina mwamunayo anafera konko."

"Akanafa bola," anatero mayiyo. "Mkazi wake akanalira maliro n'kupumula."

Ndinayang'ana panja kuti asaone nkhope yanga. Tinadutsa pa Chigayo, chigayocho chinasanduka tchalitchi koma dzina likadali lomwelo. Tinadutsa pa Mango, mtengowo anaudula kalekale. Apo ndinazindikira kuti msewu uwu suiwala kanthu, umasunga dzina ngakhale chinthucho chitapita. Mkazi amene anakhala pabenchi paja tsiku ndi tsiku unamufufuta, n'kusunga ine amene kunalibe.

Benchi ndinaliona tili patali. Panakhala anyamata a njinga zamoto, akutafuna nzimbe. Ndinalakalaka kungodutsa, ndikatsikire kumapeto kumene palibe ondidziwa. Koma dalaivala anachepetsa liwiro, n'kufunsa mwachidule ngati mmene tinkachitira ife, osacheuka n'komwe:

"Mtchona alipo?"

Ine amene ndinkakuwa mayina a masiteji mpaka mawu kusasa, ndinayankha motsitsa, moti mayi wa tomato yekha ndi amene anatembenuka.

"Alipo."