Tsaya Lamanzere la Anasimbi

Akuluampingo andipempha kuti ndilembe mawu pang'ono m'kalata ya mwezi uno okumbukira mayi amene tonse tinkawatcha Anasimbi. Ndavomera, ngakhale kunena zoona mtima wanga udakali zii chiwaikireni m'manda.

Anali mwana woyamba wa telala. Amayi awo atamwalira, iwo akadali kamtsikana, anasiya sukulu kuti alere azing'ono awo, ndipo bambo akamasoka iwo ankasita. Simbi yamakala inawawotcha pamkono kangapo koma kulira ayi. Bambo awowo ankati mwana ameneyu ngakhale umuponde chala, wopepesa amakhala iyeyo.

Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, yemwe sanakhalitse ndi moyo, ndipo anawasiyira mwana mmodzi wamkazi. M'zaka zaumasiyezo ndi pamene anayamba kuchapa nsalu za paguwa ndi mikanjo ya kwaya, popanda wowatuma. Kachipinda kawo kuseri kwa tchalitchi tonse tikukadziwa: mabeseni awiri, chingwe choyanikira, ndi tebulo loyalidwa bulangete lakale lopserera pakona. Dzina loti Anasimbi anawapatsa ndi achinyamata a kwaya mongowaseka, koma iwo analilandira ngati laubatizo. Mdani wawo anali mmodzi, chuku. Akapeza wina wapinda mkanjo usanaumitsitse ankati, "Ambuye amakhululuka, mwanangu, koma nsalu yonyowa siyikhululuka."

Atakalamba anawapeza ndi matenda a shuga. Miyendo inkatupa, maso ankachita chidima, koma ukawafunsa yankho linali lomwelija: "Palibe kanthu." Alaliki ankawatchula paguwa ngati chitsanzo cha kupirira, iwo n'kumangoyang'ana pansi.

Matenda awo omaliza anayamba ngati chimfine. Mphuno yakumanzere inatseka, mutu unkawawa, tsaya n'kutupa. Kuchipatala chaching'ono anaganiza kuti ndi dzino ndipo anawapatsa mapilisi. Mwana wawo akuti aka kanali koyamba kuwamva amayi ake akubuula. Kenaka m'mawa wina kubuulako kunaleka.

"Amayi, mukumva bwanji lero?" anafunsa mwanayo.

"Sindikumva kanthu, mwanangu. Kuno konseku sindikumva kanthu."

Mwanayo anatiimbira foni kuti mapemphero ayankhidwa, ndipo Lamulungu tinathokoza Ambuye mu tchalitchi. Ndani angamudzudzule? Moyo wake wonse, amayi ake akati palibe kanthu ndiye kuti nkhani yatha. Sanadziwe kuti ulendo uno sanali kubisa ululu ayi, anali kunena zenizeni.

Patapita masiku, chikope chakumanzere chinagwa osatsegukanso, ndipo anathamangira nawo kuchipatala chachikulu. Kumeneko anaonedwa ndi dokotala wa mphuno ndi makutu, mayi wosalankhulalankhula. Nayenso anafunsa funso lomwelo n'kulandira yankho lomwelo, koma iye sanamwetulire. Anatenga thonje, anawauza kuti atsinzine, n'kuwakhudza tsaya lamanja.

"Ndamva," anatero Anasimbi.

Anawakhudza lamanzere. Anakhudzanso, mokanikiza. Anasimbi anali phee, kudikira mwaulemu monga mwa khalidwe lawo.

"Kodi mwayamba, adokotala?"

Dokotala anawayasamitsa n'kupeza banga lakuda kumwamba kwa m'kamwa. Analowetsa kachubu kokhala ndi nyali m'mphuno, ndipo m'katimo munalinso bii. Anadulako kachidutswa ka mnofu, magazi osatuluka. Anatengera mwanayo pakhonde n'kumufotokozera kuti mnofu wamoyo umawawa ndipo umatuluka magazi. Ululu unaleka chifukwa mnofuwo unali utafa. Anati matenda amene akuwaganizira sapezeka poyeza magazi, koma poona kachidutswako pa makina oonera tizilombo, komanso kujambula m'mutu kuti adziwe pamene afika. Anatinso matendawa sachedwa, tsiku lililonse amadya malo.

Zotsatira zinabwera msanga. Dzina la matendawo akuti myukomaikosisi, koma dokotala anangoti ndi mtundu wa chuku. Chimapezeka m'dothi ndi m'zinthu zowola, tonsefe timachipuma osadwala, koma kwa munthu amene shuga wake wakwera kwambiri chimamera m'mphuno n'kutseka mitsempha ya magazi. Mwanayo anafunsa ngati amayi ake anachitenga m'makabati a kutchalitchi, dokotala n'kuti zimenezo palibe angadziwe.

"Chuku? Ine?" anatero Anasimbi atauzidwa, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ndiye kuti alipo anandipinda ndisanaume."

Tinaseka nawo chifukwa anafuna kuti tiseke.

Anavomera opareshoni atapemphera kaye. Anachotsedwa diso ndi mnofu wonse wakufa, ndipo anaikidwa madiripi a mankhwala amene ankawanjenjemeretsa mpaka bedi kugwedera. Madokotala anayesetsa ndithu, koma pojambulanso anapeza kuti chuku chija chafika kale ku ubongo. Ansembe anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo iwo anayankha mapemphero onse bwinobwino.

Amene ankatidetsa nkhawa tsopano anali mwana wawo. Sankalira, sankadya, sankatiyankha. Ankangokhala pampando kumanzere kwa bedi, maso ali pa bandeji, ngati wauzidwa kuti chilango chake n'chimenecho. Tinkaopa kuti amayi ake akapita, adzatsala nawo mlanduwo moyo wake wonse.

Masana a tsiku lomaliza ndinalipo. Mwanayo analankhula osadzutsa mutu.

"Amayi, munandiuza. Ine sindinamve."

"Ndinakuzoloweza ndine," anayankha motsitsa. "Choka uko, kulibe munthu uko. Zungulira mbali ino, undigwire."

Mwanayo anazungulira bedi n'kuika dzanja lake pa tsaya lamanja.

"Eya. Apa ndiye ndikumva."

Apo mpamene mwana uja analira. Anasimbi anagona tulo, ndipo anatisiya dzuwa lisanalowe, dzanjalo lili pomwepo.

Pamaliro ambiri anayamika kupirira kwawo, ndipo sananame. Koma chimene ndasunga ine n'chakuti mayi amene sanazolowere kupempha kanthu anapempha kamodzi, ndipo anapempha chifukwa cha mwana wawo, kuti atsale ndi chabwino chimene anawachitira amayi ake. Ambuye amene anawatumikira awapumitse.