Makiyi a Lachisanu

Ntchito ija ndinkaida koopsa, ndipo aliyense wondidziwa ankadziwa zimenezo chifukwa pakamwa panga sipasunga kanthu. Inali shopu ya zomangira nyumba pa Dwangwa, m'mphepete mwa msewu waukulu. Tinkagulitsa simenti, malata, misomali, penti, kuphatikizapo maukonde ndi zingwe za asodzi a ku Ngala. Eni ake tonse tinkangowatchula kuti a Haji, bambo wamtali wosakonda kulankhula, amene akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kufufuza wekha chimene walakwa. Ine ntchito yanga inali ya msana. Lole ya simenti ikafika, wotsitsa ndine. Munthu akagula malata, womukwezera pa ngolo ndine. Kusesa ndine, kutunga madzi ndine. Madzulo ndinkafika ku kachipinda kanga ka lendi tsitsi litatuwa ngati la nkhalamba, ndikamina kunkatuluka simenti. Dzina langa a Haji ankalidziwa bwinobwino, koma zaka zonsezo ndinali "iwe" basi.

Koma panali Lachisanu. M'shopumo tinalimo antchito atatu, ndipo awiri enawo anali abale a a Haji, Asilamu ngati iwo omwe. Dzuwa likafika pamutu, kuitana kwa swala, pemphero lawo, kukamveka pa chimkuzamawu cha kumzikiti, awiriwo ndi a Haji ankasamba, a Haji n'kuvala mkanjo woyera ndi kofiya. Shopu sankaitseka, chifukwa alimi a mzimbe ndi asodzi sadikira. Choncho makiyi ankasiyira ine, mwana wa Anglikani amene ndinalibe kopita nthawi imeneyo. Ankangowatula m'dzanja langa. Ine ndinkasamba m'manja, kukung'untha malaya, n'kukakhala pa mpando wautali wa kuseri kwa kauntala, umene masiku ena onse ngakhale kuutsamira sindinkayerekeza. Makasitomala ankanditchula kuti achimwene, ena mpaka bwana. Ndinkayankha mafunso a penti ngati ndinabadwira m'chitini. A Haji akabwerako ankaima pakhomo n'kufunsa kuti zayenda bwanji, ine n'kufotokoza mwaulemu koma mtima uli m'mwamba. Kenako kunkabwera mbale ya mpunga wa nyama yochokera kwa akazi awo, ya amene wasunga shopu. Ndinkaidya pang'onopang'ono kuti anzanga aja aione.

Nditapeza malo ku koleji ina ku Lilongwe, yophunzitsa za malonda kumapeto a sabata, ndinkaona ngati Mulungu wandimvera. Makalasi ankayamba Lachisanu masana mpaka Lamulungu, ndipo kuti munthu ukafike nthawi yabwino umayenera kukwera minibasi yoyambirira ya ku Salima. Funso linali loti ntchito ndisiye kapena ayi. Amayi, amene amakhala ku Benga, sanazungulire. Anati azakhali anga a ku Lilongwe avomera kundisunga, ndipite ndikakhale komweko, ganyu ndikafunafune konko, mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinati ntchito sasiya chisawawa masiku ano. Zinali zoona ndithu, koma sindicho chinkandigwira mwendo.

Kwathu kuno munthu ukamachoka pantchito kwa kanthawi umaikapo wako kuti akugwirire malo, kuopa kuti mlendo angakhazikikepo. Ndinatero inenso. Ndinakatenga msuweni wanga, mwana wa amalume, amene mayeso a Folomu 4 sanamuyendere ndipo ankangolima mpunga ndi chinangwa ku Benga. Tinakulira limodzi, tikunyozana monga achitira asuweni. Ine ndinkamuti mlimi wopanda nsapato, iye ankanditi mzukwa wa simenti. Ndinamusankha dala chifukwa ndinkamuona ngati wogona. Ndinkati akhala pamenepo ngati mwala wotsekera chitseko, ndikabwera ndiuchotsa. A Haji anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati amapemphera Lachisanu. Atamva kuti ndi wa tchalitchi ngati ine, anavomera kuti azibwera Lachisanu ndi Loweruka.

Aa, ndinadzitengera tsoka ndi manja anga. Mwezi usanathe, mlimi uja anali atasanduka munthu wina. Ndikabwera Lolemba ndinkapeza misomali itasanjidwa m'zitini malinga ndi kutalika kwake, zingwe zitapachikidwa bwino, pamene ine zaka zonsezo ndinkangozipiringiza pakona. Makasitomala ankalowa n'kundidutsa, maso ali kuseri kwa kauntala, n'kufunsa kuti kodi mnyamata woseka uja ali kuti. Woseka! Ine ndiye ndinali wolira? Anaphunzira kupereka salamu ya Chisilamu mpaka kumapeto kwake, pamene ine ndinkangoidula pakati. Ankadziwa kuti msodzi uyu mkazi wake wachira kumene, mmisiri uyu mwana wake akudwala. Ndinamva kuti tsiku lina a Haji anaseka naye mpaka kuvula magalasi. Ine mano a a Haji ndinali ndisanawaonepo.

Nsanje inandigwira, ndipo sindikubisa, inali nsanje yeniyeni yosagonetsa tulo. Ku koleji ndinkakhala m'kalasi Lachisanu masana, mphunzitsi akulemba pa bolodi, ine mutu uli pa Dwangwa. Ndinkati pano a Haji avala mkanjo, pano akutula makiyi m'dzanja la mlimi uja, pano wakwera pa mpando wanga. Anzanga a m'kalasi anali anyamata ndi atsikana a m'tauni, ovala bwino, ena obwera ndi malaputopu, olankhula Chingerezi chotsetsereka. Amenewonso ndinkawachitira kaduka, koma kaduka kozizira, ngati kamene umachitira galimoto yodutsa pamsewu. Wondiwotcha mtima anali mwana wa amalume, wodya mpunga wanga.

Ndinayamba kujomba. Poyamba ndinanama kuti mphunzitsi wa Lachisanu wadwala, n'kutsala pa shopu. Tsiku limenelo msuweni anabwerera ku Benga m'mawa womwewo, makiyi ndinalandira ine, ndipo mpunga unandikomera kuposa kale lonse. Ndinakafika ku Lilongwe Loweruka kalasi itayamba kale. Ndinabwerezanso sabata ina, kenako inanso, chifukwa chake chikusintha: minibasi yafa, mutu ukuwawa, mvula. Mphunzitsi wa Lachisanu anali mayi wodekha, koma tsiku lina anandiimitsa pakhonde n'kundiuza mosapsatira kuti malamulo a koleji salola munthu wojomba chonchi kulemba mayeso. Anati ndatsala ndi mpata umodzi wokha, ukadutsa umenewo chaka chonse chapita m'madzi. Ndinawathokoza, ndinalonjeza, ndipo ndinali wotsimikiza. Lolemba lake nditafika pa shopu ndinamva mmodzi wa abale a a Haji akunena kuti bwana akuganiza zomulemba msuweni wanga ntchito ya masiku onse.

Sabata imeneyo ndinaiyenda ngati munthu woponda minga. Ndinkadziuza kuti ntchito yake ndi yauve, yopha msana, ndiisiye aitole amene akuifuna. Koma ndikangoganiza kuti woitolayo ndi iye, ndipo sadzanyamula thumba ngakhale limodzi koma adzangofikira pa mpando, maganizo oisiya aja ankathera pomwepo. Lachinayi madzulo ndinalongedza mabuku m'chikwama. Lachisanu m'mawa ndinafika mpaka pa siteji, kondakitala n'kundilanda chikwama kuti akweze. Ndinachilandanso. Ndinabwerera kunyumba, kuvala malaya anga oyera a kutchalitchi, n'kupita ku shopu, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikuwotcha mpata womaliza uja.

Msuweni ndinamupeza atafika kale, akupukuta kauntala. Anadabwa pondiona, n'kufunsa monyogodola ngati a pulofesa atsekera sukulu. Ndinamuuza kuti lero angathe kubwerera kumunda, mwini malo wabwera. Iye anangoseka n'kupitiriza kupukuta. A Haji anandiyang'ana, n'kuyang'ananso malaya anga. M'mawa wonse ndinkadzionetsa. Ndinkathamangira makasitomala asanalowe n'komwe, kupereka moni mokweza, mpaka kuyesa kuseka. Kuseka kwake kunkamveka ngati chitseko chosowa mafuta.

Kuitana kwa swala kutamveka, a Haji anatuluka m'chipinda cha kumbuyo atavala mkanjo, makiyi ali m'dzanja. Ine ndi msuweni tinaima tonse awiri pafupi ndi kauntala, ine nditatsogola pang'ono. Nthawi yomweyo lole ya simenti, imene tinkaiyembekezera Loweruka, inaima pakhomo n'kuliza hutala. A Haji anasuzumira panja, kenako anatambasula dzanja kudutsa paphewa langa n'kupereka makiyi kwa msuweni.

"Iwe, wachita bwino kubwera," anatero kwa ine. "Tsitsa simentiyo, dalaivala akufulumira."

Sananene mwankhanza ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Kwa iwo zinali zongoonekeratu: pali wa mpando, pali wa msana, onse alipo, ntchito iyenda. Ndinavula malaya oyera aja, kuwapachika pa msomali, n'kukwera pa lole. Ndinatsitsa matumbawo ndi mkwiyo, ndikuwaponya pansi mpaka dalaivala anandichenjeza kuti ndiphulitsa. Ndikamadutsa pakhomo ndi thumba pamsana ndinkamuona msuweni ali pamwamba pa mpando, akuyezera mayi wina chingwe, akumuseketsa. Nthawi imeneyo ku Lilongwe anzanga anali akulowa m'kalasi.

Mbale ya mpunga itabwera, msuweni anaitenga n'kubwera nayo kuseri kumene ndinakhala pa mulu wa matumba. Anabweretsanso madzi osamba m'manja. Ndinati sindikumva njala. Anakhala pansi pafupi nane, n'kuika mbaleyo pakati pathu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayambe ndi chipongwe.

"Msuweni, zoona ukuthawa kalasi chifukwa cha mpando uwo?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine pamenepo ndiye pothera panga. Ndikamakuona Lachisanu m'mawa ukukwera minibasi ndi chikwama cha mabuku, ndimalowa kumbuyo kuti ndisakuyang'ane."

Mukuganiza kuti mtima unatsika? Ayi ndithu, unakwera. Ndinapsa mtima kuti ngakhale pa nsanje pomwe wandiposa, yake waisunga mwaulemu, akumwetulira, pamene yanga yandiyendetsa mpaka kundikweza pa lole nditavula malaya. Ndinamuuza kuti asandilalikire, adye mpunga wakewo. Koma ndinadya nawo, chifukwa njala inalipo, ndipo ndikudya ndinadziwa kuti Lolemba sindidzabweranso.

A Haji atabwerako kumzikiti anaima pakhomo n'kufunsa msuweni kuti zayenda bwanji. Ndinadikira amalize. Kenako ndinayandikira, ndikadali wotuwa thupi lonse, n'kuwauza kuti ndathokoza pondisunga zaka zonsezi, koma sukulu yandikulira, ndikupempha kusiya ntchito. Ndinalankhula pang'onopang'ono, ndikusiya mipata, chifukwa mumtima ndinkafuna andiletse. Ndinkafuna anene kuti khala, tikambirane, shopu ino popanda iwe siyenda. Akanangonena mawu amodzi otero, ndikuopa kuti ndikanatsala, koleji n'kuiiwala.

Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti ndaganiza bwino, sukulu ndi chinthu chachikulu, Mulungu anditsogolere. Anandigwira chanza, simenti n'kuwadetsa m'manja, ndipo anaipukutira pa kansalu kopukutira kauntala. Kenako, ine ndikadali chiimire pomwepo, anatembenukira kwa msuweni.

"Kwanu kuja kulibe wina wamphamvu woti azitsitsa katundu?"

Ndinatenga malaya anga pa msomali, kukatenga chikwama kunyumba, n'kupita pa siteji osasamba, ulendo wa ku Lilongwe. Mayeso ndinadzalemba chaka chimenecho, koma podutsa mwa kugwada ndi kuchonderera kwa mayi mphunzitsi uja, zimene sindifuna kuzikumbukira. Chimene ndimakumbukira ndi minibasi ya masana amenewo. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope nditalozetsa pawindo kuti anthu asaone misozi, kondakitala akudandaula njira yonse mpaka pa Benga kuti ndikumudetsera mipando.