Lata lomaliza la bambo

Ndikukumbukira m'mawa umene bambo anasolola lata lawo lomaliza pansi pa nkhokwe. Tinkakhala ku Domwe, pafupi ndi malire a Malawi, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali mmisiri wa malata, ntchito imene anaiphunzira ku mishoni ya Fonte Boa ali mnyamata. Ankakhoma ndowa, mapoto ndi makeni othirira m'madimba. Anali oumira chitsulo kwambiri, moti ngakhale kachidutswa kangati chikhadabo ankakatola n'kukasunga m'chitini. Amayi ankawaseka kuti lata likanakhala lodziwa kuphika, bambowo sakanakwatira.

Nkhondo itafika kwathu, magalimoto a ku Tete analeka kubwera, malata anasowa, sukulu yathu inatsekedwa. Tsiku lina masana anthu a mfuti analowa m'mudzi natenga chimanga, mbuzi ndi ziwiya zonse zachitsulo. Bambo atakakamira ndowa ya amayi, anawamenya ndi thako la mfuti pa dzanja lamanja. Zala zinapola zitapindika, ndipo sanathenso kugwira lumo lawo lalikulu lodulira malata.

Akuluakulu anagwirizana kuti amayi, ine ndi mng'ono wanga Tereza tiwolokere ku Dedza. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, nawonso ankapita ndi ana awo. Bambo anati atsala kaye mpaka mbatata ya kachewere ikhwime, kuti tisakafike kwa eni manja lende tonse. Choncho panafunika ndowa zitatu: ya amayi, ya azakhali, ndi ya bambo otsalawo. Lata linali limodzi.

Unali mwezi wa Juni, chifunga chili phaa m'mapiri, mphepo ikuluma makutu. Latalo linkanunkha dothi ndi makoswe, ndipo ngodya imodzi inali itayamba dzimbiri. Bambo analiyala pabwalo, nalipukuta ndi chiguduli pang'onopang'ono.

"Mena," anandiitana, "lero manja anga ndiwe."

Anandifotokozera kuti ndowa imodzi imafuna zidutswa ziwiri: thupi lake, lopindika ngati mwezi wongooneka kumene, ndi tsinde lozungulira. Anali atadula kale zitsanzo zake pa pepala la thumba la simenti. Mapepala asanu ndi limodziwo anawasanja pa lata, lina mutu uku, lina mutu uko, monga mmene tinkagonera ana pa mphasa imodzi. Anakwana ndendende, osatsala malo ngakhale oika chala. Pa pepala lililonse anatsindikapo mwala, nandipatsa msomali kuti ndizilemba mzere m'mphepete mwake.

Ndili mkati molemba, azakhali anaitanira bambo kuseri kwa nyumba kuti akambirane za njira. Mphepo inaomba, pepala limodzi linasuntha pang'ono. Ndinaona, koma ndinati kusuntha kochepa chotero sikungalakwitse kanthu. Ndinalemba momwemo. Kenaka ndinafuna kuti bambo akabwera andiyamikire, ndiye ndinanyamula lumo lija ndi manja awiri n'kuyamba kudula. Linkalira kwee, kwee, likundituza matuza m'manja. M'mphepete mwa lata munandicheka pa chala, koma sindinaleke.

Pamene bambo ankabwera, matupi awiri a ndowa anali atagona pambali, oduladula kale. Anatenga pepala lachitatu naliika pa malo otsalawo. Linapitirira ndi zala zitatu. Analitembenuza, analizondotsa, analipendeketsa, koma linakana. Kenaka ananjuta, dzanja lopindika lija lili pa bondo. Ine ndinkayembekeza khofi, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Iwo anangoyang'ana magazi a pa chala changa, nang'amba kansanza n'kundimanga.

"Basi, zachitika. Tikhome ziwiri," anatero.

Amayi anaima pakhomo atagwira m'chiuno. "Nanga inu muzitungira chiyani?"

"Mtsuko ulipo, amake Mena. Munthu mmodzi amamwa madzi ochuluka bwanji?"

Tinakhoma ndowa ziwirizo tsiku lonse, ine ndikumenya ndi nyundo, iwo akugwira ndi dzanja lamanzere n'kumandiuza popinda. Zinatuluka zokhota pang'ono, koma sizinkadontha. Patapita masiku awiri tinanyamuka. Ndowa yathu ndinasenza ine, muli ufa ndi kamchere. Pokwera chitunda ndinacheuka, ndipo ndinaona bambo ataima pa nkhokwe, akutiyang'ana, mpaka chifunga chinawaphimba.

Ku Dedza tinkakhala m'zisakasa pamodzi ndi anthu ambirimbiri a kwathu. Madzulo alionse ndinkakaima panjira yochokera ku malire, kuyang'ana munthu wosenza thumba la mbatata. Patatha miyezi itatu kunabwera mkulu wina wa m'mudzi mwathu. Anakhala pansi, navula chipewa, nauza amayi kuti bambo anawapeza atagona pa njira ya ku chitsime, atawomberedwa, mtsuko utasweka pambali pawo. Amene anawombera sanadziwike.

Mtsuko umenewo ndinkaudziwa. Unali waung'ono, wosakwana ndi theka lomwe la ndowa. Mu mtima mwanga ndinayamba kuwerenga maulendo: ndi ndowa akanapita ku chitsime kamodzi pa tsiku, ndi mtsuko ankapita kawiri kapena katatu. Mwina ulendo umene anafera unali wachiwiriwo. Sindinauze munthu aliyense mpaka nditakula, titabwerera kwathu nkhondo itatha. Amayi atamva anandigwira dzanja mwamphamvu. "Mwana iwe, wasenza zimenezi zaka zonsezi? Anthu angati anafa ali ndi ndowa m'manja? Bambo ako inawapha ndi nkhondo." Ndinavomera ndi mutu, koma kuwerenga kuja sikunathe.

Lero ndimagwira ntchito mu mzinda wa Tete, pa kampani yopanga matanki ndi mipope ya malata. Sindigwira lumo. Ndimajambula pa kompyuta. Thanki yonse imaoneka pa galasi, ndipo ndikafuna kugawa khoma lake m'zidutswa zoti amisiri akadule, ndimangojambula mizere pamwamba pake n'kudina, khomalo n'kugawika, chidutswa chilichonse ndi mtundu wake. Makinawo amasanja okha zidutswazo pa lata, osataya malo. Mzere ukalakwika, pali batani lobwezera zonse mmene zinalili, ngakhale kakhumi.

Atsikana awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchitoyi amagawa, kubweza, kugawanso, uku akucheza za nyimbo. Amadabwa kuti ine ndimayeza mzere uliwonse katatu ndisanadine.

"Amayi, ingodinani, mukalakwitsa mubweza," amatero akuseka.

Ndimaseka nawo, chifukwa akunena zoona. Koma chala changa chimaimabe kaye m'mwamba, ndipo ndimayezanso kachinayi.