Thumba la Zinyenyeswa za Fodya

Linali Lachinayi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pamene alonda a pa esiteti anagwira amuna anga kuseri kwa chigafa. Tinali matenanti, chaka chachitatu. Amuna angawo anali atasenza thumba la zinyenyeswa za fodya zosesa pansi, zoti tikathire m'khola la nkhuku kuti utitiri ufe. Kwathu aliyense amatero. Koma pa esitetiyo chilichonse sichituluka m'chigafa kapitawo asanalole, ndipo iwo sanapemphe.

Ndinafika atamaliza. Anali atawamanga manja ndi chingwe chosokera mabelo, n'kuwamenya ndi mitengo yopachikira fodya mpaka itatu kuthyoka. Mano awiri ndinawatola m'fumbi. Anatsirizika pa ngolo tisanafike kuchipatala.

Kapitawo anauza anthu kuti anawapeza ndi belo lathunthu. Pamaliro ndinamva amayi ena akunong'ona kuti mbava yapita.

Patatha sabata kunabwera mayi wina wosankha fodya, foni ataibisa m'chitenje. Anali atajambula zonse ali m'chigafa. M'kanemamo mlonda akukhuthula thumba, fumbi lokhalokha likugwa, koma akupitiriza kumenya.

Alamu anga, omwe ndi aphunzitsi ku Lisasadzi, anaika kanemayo pa tsamba lalikulu la pa intaneti lomwe aliyense amaonerapo. Patapita masiku awiri eni ake anamuchotsa, akuti magazi achuluka. Kapitawo naye anayamba kulanda mafoni a antchito n'kumafufuta kanemayo.

Alamuwo anabweranso.

"Pa intanetipo palinso pena popanda mwini mmodzi," anatero. "Anthu ambiri amasunga, aliyense pa makina ake, ngati mbewu yosungitsa m'makomo. Nyumba imodzi ikapsa, kwina ilipo. Koma mlamu, tikaika sitidzathanso kuchotsa paliponse, ngakhale mutadzasintha maganizo. Ana anu adzaona."

"Adzaona bambo awo akukuwa?"

"Adzaona."

"Nanga thumba lija?"

"Nalonso."

Ndinalingalira masiku atatu. Tsiku lachinayi mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kumjigo chidebe chili chouma. Amayi ena anali atamuuza kuti mwana wa mbava atunge pomaliza. Ndinatuma mawu kwa alamu kuti ikani.

Mlandu sunathebe. Alonda aja ndimakumana nawo kumsika, amayang'ana kumbali.

Tsopano ndili kwathu ku Kapelula, ndimalima mtedza ndi soya. Kanemayo ndili naye m'foni yanga. Wina akanena za belo, ndimamupatsa foniyo aonere mpaka pothera, ine n'kupita kukatsegulira nkhuku.